Kadazi ka Tahira

Mutu Wachinayi

1. Manja a Ester aima

Pa komboni ya famu ina kufupi ndi tauni ya Macheke, kum'mawa kwa Harare, panalibe mtsikana wonyadira tsitsi ngati Tahira. Choseketsa n'chakuti tsitsilo ankaliona ndi anthu owerengeka. Iye anali mwana wa Chisilamu, mdzukulu wa anthu amene anachoka ku Mangochi kalekale kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, choncho potuluka pakhomo ankafunda mpango. Koma akangolowa m'nyumba ya akazi okhaokha, mpango unkachoka pamutu nsapato zisanachoke kumapazi.

Tahira anali mu Fomu 3. Loweruka ankapita kukalukitsa tsitsi kwa mnzake Ester, mtsikana wosakaniza Chishona poyankhula, amene ankakhala mzere womwewo wa nyumba. Ester anali ndi manja olimba. Akakuluka, nsidze zinkakwera m'mwamba ngati wadabwa, ndipo kuseka kunkavuta mpaka Lolemba. Atsikana ankati kuluka ndiye kumeneko. Kuwonjezera apo, Tahira ankaphika tsitsi lake ndi mankhwala a m'sitolo, n'kumangapo mpango mothina kuti usagwe kusukulu.

Tsiku limenelo anakhala pamkeka kuseri kwa nyumba ya kwa Ester, mutu atautsamiritsa pamaondo a mnzakeyo. Nkhani inali ya ukwati. Yasmin, mkulu wake wa Tahira, ankayembekezera kukwatiwa fodya akangogulitsidwa. Pa tsiku lotero atsikana onse a pabanja amakhala m'chipinda cha mkwatibwi, mipango ili pambali, azimayi akuchimuna akuwayang'ana mmodzimmodzi kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Ester anamasula tsitsi lakutsogolo bwinobwino. Atafika kunkhongo, manja ake anaima.

"Maiwe! Tahira, sha, ichi n'chiyani?"

"Chiyani? Nsabwe?"

"Bola zikanakhala nsabwe. Bweretsa chala chako."

Ester anagwira chalacho n'kuchilondolera kunkhongo. Chinadutsa m'tsitsi, kenako chinatera pamalo osalala ngati chikhatho. Panali pozungulira, kukula kwake ngati chitsekero cha botolo la mafuta ophikira. Panalibe chilonda, sipankayabwa, ndipo panalibe tsitsi ngakhale limodzi.

Tahira anadzambatuka ngati wakhalira chinkhanira.

"Ester, wandimeta! Wandimeta ndi lezala iwe!"

"Ini? Lezala ndiitenga kuti? Tarisa manja anga. Ndangomasula, ndapeza pali see! Dikira ndijambule uone wekha."

"Usayerekeze! Foni yako imagona m'manja mwa komboni yonse."

Ester anayang'ananso m'mbali mwa chipumi cha mnzake. Kumenekonso tsitsi linali litabwerera m'mbuyo, lotsalalo lili patalipatali. 

Tahira anakulunga mpango tsitsi lili chimasulire, n'kuthamangira kwawo. Anali ndi mantha, ndipo manyazi anaposa manthawo.

2. Mawu a asisita

Mayi a Tahira anamwalira iye ali wamng'ono. Amene ankalera iye ndi Yasmin anali azakhali awo, a Asiya, amene Ester ankawatchula kuti tete m'Chishona. Mayiwa ankagwira ntchito yosankha fodya kushedi, ndipo maso awo anazolowera kuona kabanga patsamba wina aliyense asanakaone. Mwana wolowa m'nyumba akubisa nkhope sakanawadutsa.

"Bwera kuno. Vula mpangowo."

Tahira anavula. A Asiya anapatula tsitsi ndi zala, n'kugwira pakamwa.

"Subuhanallah! Dazi, pamsinkhu wako uno?"

Pa komboni nkhani imalowa m'nyumba osagogoda. Dzuwa lisanalowe, azimayi anali atayamba kufika, aliyense ndi matenda ake ndi mankhwala ake. Wina anati pali munthu amene anatola tsitsi la mwanayo pachipeso n'kupita nalo kwa sing'anga. Wina anati n'chipere chochokera ku ng'ombe. Wina analumbira kuti mafuta akuda a m'thirakitala sanalepherepo. A Asiya anawathokoza onse mwaulemu, n'kutseka chitseko. Lolemba m'mawa anakwera kombi ndi mwanayo kupita kukiliniki.

Asisita, namwino wa kumeneko, anali mayi wachishona wosathamanga poyankhula. Anaunika pakadazipo nthawi yaitali, n'kuvula magalasi.

"Mwanangu, tchera khutu. Ichi si chipere, chifukwa chipere chimayabwa ndipo chimatuwa. Si ufitinso, ndipo sungapatsire munthu. Ife timati alopesha. Nthawi zina thupi limangoukira mizu ya tsitsi lake lomwe, tsitsi n'kuthothoka pamalo amodzi. Mizu yako sinafe, yangogona. Kwa anthu ambiri imadzuka yokha, koma pamapita miyezi. Zam'mbali mwa chipumizi ndi nkhani ina. Kumeneku wawononga ndi kuluka kokoka ndi mankhwala ophikira tsitsi, ndipo ukapitiriza sikudzameranso."

Tahira anagwira m'mbali mwa chipumi chake.

"Tsono uchite izi," anapitiriza asisita. "Kuluka kothina usiye. Kuphika tsitsi usiye. Uzisambitsa mutu ndi sopo wa ana, uzipukuta mosakhula. Mpango ukhale wa thonje, womanga mosathina, ndipo usamamange tsitsi lili lonyowa. Koma chachikulu ndi ichi: pakadazipa pasapakidwe chinthu chowotcha, kaya wakuuza ndani. Khungu likapsa limasiya chipsera, ndipo pachipsera sipamera tsitsi. Mukaona kuti pakukula, mubwerenso, tidzakutumizani kuchipatala chachikulu."

"Nanga ukwati wa akulu anga?" anafunsa Tahira ndi mawu otsika.

"Tsitsi silidziwa za ukwati, mwanangu."

Asisita anauza Tahira kuti akadikire panja, ndipo anatsala akuyankhula ndi a Asiya pang'ono. Pobwerera, atatsika kombi pamphambano n'kuyamba kuyenda wapansi m'mphepete mwa minda, azakhaliwo anatsegula pakamwa.

"Iwe unabadwira pa fodya, Tahira. Unaonapo munthu akufukula panazale kuti aone ngati mbewu yamera? Timafesa, timaphimba ndi udzu, timathirira, n'kuchokapo. Wofukula amapha mbewu yake ndi manja ake. Pa komboni pathu paja aliyense ndi dokotala. Amene sanathe kuchiza chimfine cha mwana wake adzakuuza mankhwala a dazi. Uwamvere mwaulemu, koma mawu awo uwasiye pakhomo pomwepo. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Ife tasankha la asisita, tikhale momwemo mpaka mvula ikate. Kuyambira lero manja ako asafike kunkhongoko. Kumeneko ndi kwanga. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Kumva anamvadi, pakuti makutu anali nawo.

3. Mafuta a nsatsi

Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse swala, pemphero la kulowa kwa dzuwa, isanakwane, a Asiya ankakhazika Tahira pakati pa miyendo yawo m'nyumba, pafupi ndi zenera. Chipeso cha mano ang'onoang'ono anachibisa. Ankapesa ndi zala zokha, pang'onopang'ono, n'kudonthezera kadontho ka mafuta a nsatsi pachikhatho. Akamaliza ankapinda tsitsilo m'timfundo tofewa, toti ngakhale khanda silingadandaule nato.

Mutu unasiya kuwawa. Nsidze zinatsika n'kubwerera pamalo pake. Koma Tahira sankaona ubwino wa zimenezo, chifukwa funso lake linali limodzi.

"Azakhali, likumera?"

"Weramitsa mutu."

Mawa lake ankafunsanso.

"Azakhali, pali kusintha?"

"Mwini zonse ndi Allah. Usagwedezeke."

Yankho linali lomwelo sabata ndi sabata. Galasi la m'nyumbamo linali limodzi, kachibenthu kokolekedwa pakhoma, ndipo munthu saona nkhongo yake ndi galasi limodzi. Yasmin akafunsidwa ankangoti, "Funsa azakhali," chifukwa iyeyo mutu wake unali utadzaza kale ndi za ukwati.

Mabelo a fodya anakwezedwa palole kupita kumsika ku Harare. Telala wa pa komboni anayamba kusoka zovala za operekeza mkwatibwi. Kuseri kwa nyumba ya kwa Ester atsikana ankakangana za malukidwe, uyu akufuna zotsika mpaka m'mapewa, uyu zokwera ngati chulu. Tahira akafika, nkhani inkasintha mwadzidzidzi n'kukhala ya mayeso. Zimenezi zinkamupweteka kuposa kunyozedwa.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi zoona. Koma kauzeni zimenezo mtsikana amene ukwati wa mkulu wake wafika pakhomo, muone ngati angakuthokozeni.

4. Botolo la a Simao

Loweruka lina a Asiya analawirira ku ganyu yokolola chimanga pamunda woyandikana nawo. Yasmin anapita kwa telala. Tahira anatsuka mbale mwachangu, n'kulunjika kwa Ester.

"Undione kunkhongoku. Koma usandinamize."

Ester anapatula timfundo tija, n'kuyandikitsa nkhope.

"Hezvo! Patuwa, sha. Pali tinthu toyera ngati chuku."

Tahira anatembenuka msanga. "Patuwa? Asisita anati chimene chimatuwa ndi chipere."

"Saka! Ndi chipere chimenechi, anangochiona chisanakhwime. Tete wako akupaka mafuta, chikungonenepa. N'chifukwa chake sakukuuza kanthu. Iwe, thole la a Simao linali ndi zomwezi kumaso, zozungulira, zotuwa. Analipaka dhibhi ya nkhupakupa ija. Pita ukalione lero, ubweya uli bho."

A Simao anali mkulu wochokera ku Mozambiki, amene ankaweta ng'ombe za mwini munda watsopano. Dipi, mankhwala ophera nkhupakupa aja, ankasunga ndi iwo. Atsikana awiriwo anawapeza kukhola akukonza goli.

"Mwadzuka bwanji, sekuru?" anayamba Ester. "Galu wathu nkhupakupa zamuthera. Mhamha akuti mutigawireko dhibhi pang'ono."

Mkuluyo anawayang'ana, n'kulowa m'kanyumba kosungiramo zida. Anatuluka ndi kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa, muli timadzi tochepa pansi. Sanawapatse msanga.

"Ana inu, ichi si chamasewera. Timeneti muthire mu ndowa yodzaza madzi, osati m'kapu, mu ndowa. M'manja muvale mapulasitiki. Chikakudontherani pakhungu, musambe pomwepo ndi sopo, musati ndimalize kaye. Ine dipi ndayamba kuigwira nthawi ya mzungu. Ndinaona mnyamata wamphamvu akugwa ngati thumba la chimanga chifukwa choswera ndi malaya onyowa ndi zimenezi. Taganizani, chinthu chopha nkhupakupa pachikopa cha ng'ombe, khungu la munthu chingaliyese chiyani? Mukatha, botololi mukwirire pansi, mwana asalitole."

"Tamva, sekuru. Maita basa, zikomo."

Tahira anamva mawu onsewo, palibe limene linamudutsa. Atabwerera kuseri kwa nyumba, Ester anatsegula kabotolo kaja. Fungo linawalasa m'mphuno, ndipo Ester anabweza mutu.

"Sha, mdhara uja wandiopsa. Bwanji tingosiya? Kapena tidikire tete wako, tiwauze za kutuwaku."

Apa ndiye panali pobwerera. Njira inali yotseguka, ndipo amene anaitsegula anali mwini nzeru yoipayo. Tahira anayang'ana kabotolo, anayang'ana chingwe cha kwa telala pomwe nsalu za ukwati zinali zitayanikidwa.

"Ndadikira mokwanira. Paka."

"Ndiye ndikatunge madzi tisungunule."

"Madzi achedwetsa. Zosungunula ndi za agalu. Paka momwemo."

Ester anatola nthenga ya nkhuku, anaiviika m'botolo, n'kupaka pakadazi paja mozungulira. Poyamba panangozizira bwino. Tahira anaikapo kapulasitiki kuti fungo lisatuluke, n'kumanga mpango mothina monga ankachitira kale.

"Pakayamba kuwawa usadandaule," anatero Ester ndi mawu osalimba. "Ndiye kuti mushonga ukugwira ntchito."

5. Zoyera zija

Ntchito unagwiradi. Tahira asanamalize kusesa pabwalo, kunkhongo kunayamba kunyerenyetsa. Posakhalitsa kunali ngati wina waikako khala lamoto. Analuma mano n'kupitiriza kusesa. Kenako nyumba za pa komboni zinayamba kuzungulira, malovu anadzaza m'kamwa, miyendo inalobodoka. Anakwawira m'nyumba, anasanza pakhomo, n'kugona pansi.

A Asiya anafika dzuwa litangopendeka, dengu la chimanga lili pamutu, Yasmin ali pambuyo pawo. Anaima pakhomo n'kununkhiza.

"M'nyumba mwanga mwalowa ng'ombe?"

Ataona mwanayo pansi, dengu linagwa, chimanga n'kumwazika. Anamukokera panja, n'kumasula mpango. Kapulasitiki kaja kanali katamatirira. Atakachotsa, Yasmin anakuwa. Pakadazi paja panali pofiira ngati nyama, matuza atatukuka mpaka m'tsitsi lozungulira.

"Dipi! Mwana uyu wapaka dipi! Yasmin, madzi! Bweretsa ndowa zonse, ndi sopo!"

Anamuweramitsa n'kuyamba kuthira, ndowa ina ikatha ina. Anamuvula bulauzi imene inadontheredwa, n'kumufunditsa chitenje. Azimayi oyandikana nawo anathamangira kumjigo osauzidwa. Pa onse aja odziwa mankhwala a dazi, panalibe amene anatsegula pakamwa.

"Thamanga kwa a Simao," a Asiya anauza Yasmin. "Amange ng'ombe pangolo. Kombi sitingaidikire."

Ester anafika akulira, kabotolo kali m'manja. Anagwada m'matope momwemo.

"Pepani, tete. Ndine ndinapaka. Tinanamiza sekuru kuti ndi za galu."

"Pepani sapoletsa chilonda. Botololo usataye, asisita akalione. Koma chinakulowani n'chiyani, ana inu?"

Tahira anayankha yekha, mutu uli chiweramire, madzi akutsika kumaso.

"Ester anakana, azakhali. Ndine ndinamukakamiza. Panali patatuwa. Tinaona kuti chasanduka chipere, ndipo inu simunkandiuza."

Dzanja la a Asiya linaima m'malere, kapu ili m'manja.

"Patatuwa?"

"Panali tinthu toyera, tete," anatero Ester. "Ngati chuku."

A Asiya anakhala pansi, pamatope pomwepo.  Atayankhula, mawu awo anali aang'ono, osafanana ndi mayi amene ankamveka kuchokera kushedi mpaka kumjigo.

"Zoyera zija linali tsitsi."

A Asiya anatembenukira kwa Tahira.

"Linali tsitsi, Tahira. Asisita anandiuza tsiku lija uli panja, kuti likamabwerera limayamba loyera, lofewa ngati thonje, kenako n'kumada. Ine ndaliona likutuluka. Tsiku lililonse ndimaliona likuwonjezekera, mtima wanga n'kumavina ndekhandekha. Koma kwathu sitiyamikira chinthu chikadali chanthete. Mimba sitiitchula isanaoneke, mbewu sitiitama ili panazale, timaopa maso a anthu. Ndimati likade kaye, ndidzakuonetse ndi magalasi awiri. Ndinatseka pakamwa kuti ndiliteteze."

Tahira anadzutsa mutu n'kuwayang'ana.  Anatukula dzanja kuti agwire kunkhongo, ndipo azakhali ake analigwira n'kulibweza pansi.

Ngolo inafika ikugwedezeka. A Simao anatsika, anaona kabotolo m'manja mwa Ester, anaona mutu wa mwanayo, n'kuvula chipewa.

"Galu wake ndi ameneyu?" anafunsa. 

Anamukweza Tahira n'kumugoneka chammbali pamatumba. A Asiya anakhala pambali pake atatambasula chitenje m'mwamba ndi manja awiri, kuti chimutchinge ku dzuwa ndi ku maso a anthu koma chisakhudze chilonda. Ngolo inadutsa mzere wa nyumba, inadutsa shedi ya fodya, n'kulowa mumsewu wafumbi wopita kukiliniki.

Apo m'pamene Tahira anaitana.

"Azakhali."

"Ndili pano, mwana wanga."

"Asisita anati pachipsera sipamera tsitsi. Apa pakhala chipsera?"

A Asiya anasuzumira pansi pa chitenje n'kuyang'ana matuza aja nthawi yaitali.  Kenako anatembenukira kutsogolo kwa ngolo.

"A Simao," anatero, "zikwapuleni ng'ombezo."